Pa Khonde la Mphunzitsi: Za Ulendo wa ku Malo Oyera



Pali funso limodzi limene ophunzira katekisimu andifunsa kawirikawiri, ana ndi akulu omwe: kodi Yerusalemu ali pansi pano, kapena kumwamba? Funsoli musaliseke ai, pakuti munthu amene wamva dzinali m'tchalitchi mokha, pakati pa nyimbo ndi utsi wa lubani, sangalephere kuyesa kuti mudziwo uli kuseri kwa mitambo. Tsono mwezi uno ndifuna kukamba za maulendo amene akristu ayenda m'magulu kukaona malo amene Ambuye athu anabadwira, amene anaphunzitsirako, ndi amene anafera ndi kuuka. Ine ndinayenda nao ulendo wotere nkhondo ya chaka cha 2023 isanabuke, wansembe ali kutitsogolera. Ndipo zimene ndinaona ndi kuphunzira ndiziika pano, kuti amene sadzapitako adziwe, ndi amene afuna kupita ayambe alingalira bwino.

Dzikolo ndi lotani

Yerusalemu ali pansi pano ndithu, ndipo ali ndi misika, ndi pfumbi, ndi ana a sukulu, monga midzi ina yonse. Dziko limene tilitcha Loyera ligona m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Mediterranean, pafupi ndi Ejipito. Lero mbali ina ndi Israele, mbali ina ndi ya anthu a Palestina, ndipo malo ena ali tsidya lija la mtsinje, m'dziko la Jordan. Kuchepa kwake kudabwitsa mlendo aliyense. Kuchokera ku Dani kumpoto kufika ku Beereseba kumwera ndi makilomita ngati 240, mtunda wosafika ngakhale pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Ndi dziko la mapiri ndi miyala, la azitona, nkhuyu ndi mphesa. Mvula yao igwa miyezi yomweyi ya kwathu, kuyambira Novembala kufika Malichi, koma kumeneko imeneyo ndiyo nyengo ya chisanu.

Mwambo wopita kumeneko sunayambe dzulo. Helena Woyera, amake a mfumu Constantine ya Aroma, anapitako atakalamba kale, cha m'chaka cha 326. Pakati pa 381 ndi 384 mkazi wina dzina lake Egeria anayenda malo onsewa, nalembera alongo ake m'chikhulupiriro kuti pa malo alionse ankawerenga mau a Malembo Oyera onena za pamenepo, naimba salimo, napemphera. Magulu a makono atsata dongosolo lomwelo, ndipo ndilo lisiyanitsa mkristu wa pa ulendo woyera ndi munthu wongoyenda kukaona dziko.

Nazarete ndi Betelehemu

Masiku a Ambuye, Nazarete unali mudzi wa anthu mazana owerengeka; lero ndi mzinda wa Aluya, Asilamu ndi akristu. Tchalitchi chachikulu cha kumeneko chinadalitsidwa mu 1969, ndipo chinamangidwa pamwamba pa phanga limene akristu akale analilemekeza ngati nyumba ya Maria Virigo. Pa guwa la m'phangamo analembapo m'Chilatini mau aja tinena pa pemphero la Angelus, onena za Mwana wa Mulungu kukhala munthu. Koma olembawo anaonjezapo liu limodzi laling'ono, hic, ndiko kunena kuti pano. Liu limeneli ndilo mutu wa ulendo wonse. Nthano za agogo ziyamba ndi padangotero, ndipo palibe afunsa kuti kalulu anakhala mudzi uti, chaka chanji, mfumu ali yani. Koma Mthenga Wabwino utchula midzi imene munthu angapiteko, ndi olamula amene maina ao adziwika. Mu 1961 ofukula za kale anapeza ku Kaisareya mwala wolembedwa dzina la Ponsio Pilato ndi udindo wake, yemwe uja timtchula Lamulungu lirilonse pobvomereza chikhulupiriro chathu.

Betelehemu ali pa mtunda wa makilomita ngati 10 kumwera kwa Yerusalemu, koma kuti mufike muyenera kupyola pa chipata cha asilikari, pa linga lalitali limene linayamba kumangidwa mu 2002. Tchalitchi choyamba cha pa phanga lobadwira chinadalitsidwa mu 339. Chimene chiripo lero anamanga ndi mfumu Justinian zaka mazana awiri pambuyo pake, kotero kuti ndi chimodzi cha matchalitchi akale koposa amene anthu apempherabe m'menemo. Akuti Aperezi, pogumula matchalitchi mu 614, anachisiya ichi chifukwa anaona pa khoma chithunzi cha anzeru a kum'mawa atabvala zobvala za kwao.

Khomo lake ndi lalifupi, losafika pa chifuwa cha munthu wamkulu, ndipo akuti analichepetsa kale kuti anthu asalowe ndi akavalo. Pamenepo onse awerama, episkopi ndi mlimi, wa nsapato zonyezimira ndi wa nkhwaira. Mukatsika makwerero mufika m'phanga, m'mene muli nyenyezi ya siliva ya nsonga 14, yokhomedwa pa mwala pansi pa guwa. Nyenyezi yakale ya pamenepo inaikidwa mu 1717, nibedwa mu 1847, ndipo mkangano wa pa iyo unali umodzi wa nkhuni zimene zinakoleza nkhondo ya ku Crimea ya 1853 mpaka 1856. Taonani, abale, mtima wa munthu: pa malo obadwira Mfumu ya mtendere anthu anatolapo chifukwa cha nkhondo. Pafupi pomwepo pali mapanga ena amene akumbutsa Jerome Woyera, amene anakhala ku Betelehemu kuyambira 386 mpaka imfa yake mu 420, ali kutembenuza Malembo Oyera m'Chilatini.

Ku nyanja ya Galileya

Inu a ku nyanja mukaona nyanja ya Galileya mudzaseka, pakuti m'litali mwake ndi makilomita 21, m'lifupi 13. Ngakhale Malombe aiposa. Igona m'chigwa chozama, mamita oposa 200 kutsika pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mphepo itsika m'mipata ya mapiri mwadzidzidzi, niutsa mafunde madzi ali bata. Msodzi amene mwera unampezapo pakati pa madzi sadzafunsa chifukwa chake Apostoli anapfuula ndi mantha, Ambuye ali m'tulo. Nsomba imene apatsa alendo, yotchedwa ya Petro Woyera, ndi mbale wake wa chambo chathu, maonekedwe ndi minga yomwe. Mu 1986, chaka cha chilala, madzi ataphwa, anthu awiri a pa chibale anapeza m'matope bwato la matabwa la mamita 8, la m'nyengo ya Ambuye. Palibe anena kuti ndilo la Petro. Koma poliona mudziwa kukula kwa mabwato amene asodzi aja anasiya pa gombe.

Malo amene anagwira mtima wanga koposa ndi Kaperenao. Ansembe awiri a chipani cha Francis Woyera, Virgilio Corbo ndi Stanislao Loffreda, anayamba kufukula pamenepo mu 1968, napeza tinyumba ta miyala yakuda, tothinana mozinga mabwalo ang'ono. Makoma ake sakanatha kusenza denga lolemera. Madenga anali a mitengo, bango ndi dothi. Pamenepo nkhani ya anthu anai aja, amene anasasula denga natsitsa wodwala manjenje pamaso pa Yesu, imveka bwino lomwe. Chipinda chimodzi cha m'nyumbazo chinapakidwa njereza kale lomwe, ndipo alendo akale analemba pa makoma ake mapemphero otchula Ambuye. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 400, anamangapo tchalitchi cha ngodya 8. Chifukwa chake ambiri akhulupirira kuti imeneyi ndiyo nyumba ya Petro. Eklezia amene lero adzaza dziko lapansi anasonkhanapo m'chipinda chosaposa nyumba ya mkamwini. Inu amene mupemphera m'tchalitchi cha udzu ku nthambi yakutali, kumene wansembe afika kamodzi pa miyezi iwiri, musadziyese ochepa.

Yordani ndi njira ya ku Yeriko

Ambiri ayembekeza kuona mtsinje waukulu ngati Shire, koma pa malo okumbukira ubatizo wa Ambuye, pafupi ndi Yeriko, Yordani ndi kamtsinje ka matope, koti mwana angaponye mwala tsidya lina. Madzi ake ambiri apatutsidwira ku minda ndi ku mizinda. Malowa anatsekedwa pambuyo pa nkhondo ya 1967, chifukwa ndi malire ndipo pansi panakwiriridwa mabomba, natsegulidwanso kwa alendo onse mu 2011.

Pamenepo mai wina wachikulire wa m'gulu lathu anayandikira wansembe, nati: "Bambo, ine ndinabatizidwa ndiri khanda, ndi madzi a pa chitsime cha kwathu. Popeza Mulungu wandifikitsa pano, ndibatizeninso muno m'mene analowa Ambuye." Wansembe anayankha mofatsa, nati: "Amai, madzi a chitsime chanu sanaperewere kanthu. Wobatiza ndi Kristu mwini, ndipo chizindikiro chimene anaika pa mzimu wanu sichifafanizika. Munthu sabadwa kawiri kwa amake, ndipo sabatizidwa kawiri." Tsono tonse tinabwereza malonjezo a ubatizo monga tichita usiku wa Pasaka, natiwaza madzi. Ndalemba izi chifukwa alipo ena abwera ndi mabotolo a madzi a Yordani, nawasunga ngati mankhwala otsirikira nyumba. Kusunga madziwo ngati chikumbutso sikulakwa. Koma kuyesa kuti ali ndi mphamvu yoposa masakramenti, kumeneko ndiko kubwerera ku nsupa ndi zithumwa, dzina lokha litasintha.

Kumwera kwa Yeriko kuli Nyanja Yakufa, malo otsika koposa pa dziko lonse, mamita oposa 400 kutsika pa mlingo wa nyanja yamchere. M'mapanga a Qumran, pafupi ndi gombe lake, abusa anapeza mu 1947 mitsuko yosunga mipukutu ya zikopa. Umodzi, wa mamita 7, ndi buku lonse la mneneri Yesaya, lolembedwa Ambuye asanabadwe. Ndipo ataliyerekeza ndi mabuku a Chihebri olembedwa zaka 1,000 pambuyo pake, anapeza kuti mau ake agwirizana, kupatula kusiyana kwakung'ono. Alembi a Chiyuda anasunga mau a Mulungu mosamala koposa.

Kuchokera ku Yeriko kunka ku Yerusalemu ndi makilomita osafika 30, koma njirayo ikwera mamita oposa 1,000, m'chipululu cha zigwa ndi mapanga, mopanda mthunzi. Mukaiona mudziwa chifukwa chake Malembo anena za kukwera ku Yerusalemu, ndi chifukwa chake achifwamba a m'fanizo la Msamariya anabisala m'menemo. Galimoto ikwera chitundacho msanga. Ambuye anachikwera pa miyendo, alikudziwa chimene chiwadikira pamwamba.

Mu Yerusalemu

Malinga amene muona lero sindiwo a nthawi ya Ambuye. Anamanga ndi mfumu Suleiman ya Aturuki cha m'ma 1540. Nyumba ya Mulungu ya Ayuda inagumulidwa ndi Titus mu chaka cha 70, monga Ambuye ananeneratu. Chatsala ndi bwalo lalikulu limene Herode anamanga, ndi khoma lake la kumadzulo kumene Ayuda apemphera. Pamwamba pake pali nyumba ya Asilamu ya denga lagolide, yomangidwa cha m'ma 691. Mudzi umodzi, zipembedzo zitatu, ndipo chirichonse chiuyesa woyera.

Pa tsinde la phiri la Azitona pali munda wa Getsemani, ndi mitengo 8 yokalamba. Akatswiri atapima itatu mwa iyo, analengeza mu 2012 kuti matsinde ake ndi a zaka ngati 900. Kotero si yomwe ija inaona thukuta la Ambuye, ngakhale mtengo wa azitona uphukanso pa chitsa ukadulidwa. Pafupi ndi chipata cha kum'mawa kuli thamanda la Betesda, la makonde asanu, kumene anachira munthu uja anadwala zaka 38. Kale ena ankati Yohane anangopeka makondewo. Koma pofukula anapeza matamanda awiri, makonde anai m'mbali ndi lachisanu pakati. Malowa, pamodzi ndi tchalitchi cha Anna Woyera, ali m'manja mwa ansembe a chipani cha White Fathers kuyambira 1878, chipani chomwe chija chinatsegula misyoni ya Mua mu 1902.

Njira ya Mtanda ya ku Yerusalemu ndi yaifupi, mamita ngati 600, ndipo ipyola pakati pa msika. Musayembekeze chete. Uku wina ali kutsatsa buledi, uku wina ali kukankha ngolo, ana ali kuthamanga, ndipo inu mugwada pakati pao. Ena a ife anakhumudwa. Koma wansembe anatikumbutsa kuti tsiku lija mudzi unadzaza alendo a Pasaka, ndipo ambiri anapitiriza malonda ao, wopalamula alikudutsa ndi mtanda. Pa malo achisanu ife a ku Afrika tinaima nthawi yaitali, pakuti Kirene, kwao kwa Simoni, ndi mudzi wa m'dziko limene lero litchedwa Libya. Pa tsiku limene Apostoli anathawa, phewa limene linathandiza Ambuye linachokera ku Afrika.

Manda a Ambuye

Malo asanu otsiriza a Njira ya Mtanda ali m'kati mwa tchalitchi cha Manda Oyera, pakuti Kalvario ndi manda ziri pansi pa denga limodzi. Wina adzafunsa: nanga si Ambuye anafera kunja kwa mudzi? Inde, nthawi imeneyo malowa anali kunja, pa chigwembe chakale chosemapo miyala, ndipo m'mbali mwake munali manda. Linga latsopano linawalowetsa m'mudzi zaka khumi zokha pambuyo pake, masiku a Herode Agripa. Cha m'ma 135 mfumu Hadrian inakwirira malowa nimangapo kachisi wa milungu ya Aroma. Pamene Constantine analamula kuti kachisiyo agumulidwe, akristu a mu Yerusalemu, ndi episkopi wao Macarius, analoza pamenepo, ngakhale panali pakati pa mudzi. Munthu wongopeka akanasankha kunja kwa linga. Tchalitchi chinadalitsidwa mu 335, chinagumulidwa ndi mfumu al-Hakim mu 1009, ndipo chimene tiona lero ndicho makamaka chija chinadalitsidwa mu 1149. Mu 2016, pokonza kanyumba kophimba manda, amisiri ananyamula mwala wosalala wa pamwamba, napeza pansi pake thanthwe lenileni, ndi matope omangira amene atapimidwa anaoneka kuti ndi a m'nyengo ya Constantine.

Mungadikire maora awiri pa mzere, ndipo m'katimo mulowa atatu kapena anai, kwa kamphindi kokha, wosunga pakhomo nakutulutsani. Pa manda ena onse tipita chifukwa wathu agona pamenepo. Awa okha ndiwo manda amene anthu aoloka nyanja kukawaona chifukwa mulibe munthu.

Koma ndiyenera kunenanso chochititsa manyazi. Tchalitchichi achisunga akristu a magulu asanu ndi limodzi: Agriki, Akatolika, Aarmenia, Akopti a ku Ejipito, Asiriya, ndi a ku Ethiopia, amene amonke ao akhala m'tinyumba ta pa denga. Chifukwa cha mikangano, mafumu a Aturuki analamula mu 1757, nabwerezanso mu 1852, kuti zonse zikhale monga ziri, ndipo kanthu ka onse kasasunthidwe popanda onse kubvomera. Pansi pa zenera lina, pamwamba pa khomo, pali makwerero a matabwa amene akhala pomwepo kuyambira zaka za m'ma 1700. Mfungulo ya khomo lalikulu isungidwa ndi mabanja awiri a Chisilamu, a Joudeh ndi a Nuseibeh: banja lina lisunga, lina litsegula. Ana a bambo mmodzi akalimbana pa munda wa masiye, mfungulo ya nkhokwe ipita kwa mnansi. Komabe chiyembekezo chiripo. Mu 1964 Papa Paul VI anakomana mu Yerusalemu ndi Athenagoras, mkulu wa akristu a Orthodox, nakumbatirana, patapita zaka mazana ambiri za kusalankhulana. Ndipo ntchito ya 2016 ija anaigwirira pamodzi Agriki, Akatolika ndi Aarmenia. Inu amene simulonjerana ndi mbale wanu chifukwa cha malire a dimba, makwerero anu mwawasiya pa zenera zaka zingati?

Kodi malo onsewa ndi enieni?

Mkristu wanzeru asiyanitse mitundu itatu. Alipo malo osakayikitsa konse: nyanja ya Galileya, phiri la Azitona, bwalo la Nyumba ya Mulungu, thamanda la Betesda, ndi la Siloamu limene makwerero ake anapezeka mu 2004. Alipo ena amene umboni wao ndi wakale ndi wolimba, monga manda a Ambuye, ndi phanga la ku Betelehemu limene Justin Woyera analitchula kale cha m'ma 150. Ndipo alipo ena amene anaikidwa kuti athandize kukumbukira. Midzi ingapo itchedwa Emausi. Njira ya Mtanda yomwe, monga iyendedwa lero, inakhazikika zaka mazana ambiri pambuyo pake, ndipo akatswiri ambiri ayesa kuti Pilato anaweruzira ku nyumba ya Herode, kumadzulo kwa mudzi. Izi zisakubvuteni. Eklezia sanalamulepo kuti tikhulupirire mwala wakutiwakuti. Chikhulupiriro chathu chitsamira pa umboni wa Apostoli, amene anafera zimene anaona. Woperekeza alendo amene akuuzani zoona, kuti apa tidziwa, apa tingokumbukira, ndiye wokulemekezani.

Akristu a kumeneko

Alendo ambiri apsompsona miyala, naiwala anthu. M'dzikomo muli akristu, ambiri a iwo olankhula Chiluya, amene makolo ao anasunga chikhulupiriro chiyambire masiku a Apostoli. Lero atsala ochepa, ngati awiri pa anthu 100 alionse mu Israele, ndi ochepanso m'madera a Palestina. Ku Betelehemu, kumene kale anali ochuluka koposa, tsopano achepa, pakuti mabanja ambiri anasamukira ku maiko ena chifukwa cha nkhondo ndi kusowa ntchito. Ambiri a otsalawo adya za alendo: asema mitanda ndi makorona a mtengo wa azitona, asunga nyumba zogona, ayendetsa magalimoto. Nkhondo itabuka mu Okotobala 2023, anthu ochuluka anafa mu Israele ndi ku Gaza, alendo analeka kubwera, ndipo pa Khrisimasi ya chaka chimenecho Betelehemu sanachite chikondwerero cha pa bwalo. Ife amene tidziwa njala tisachite ngati za anzathuwa sizitikhudza. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Malangizo kwa ofuna kupita

Choyamba, ulendowu si lamulo. Palibe tchimo kwa mkristu amene afa osaona Yerusalemu. Mtengo wake ndi waukulu, woposa zimene banja la kumudzi lipeza pa zaka zingapo. Atate amene agulitsa ng'ombe yolimira, kapena atenga ngongole ya katapira, ana nachotsedwa sukulu, kuti iye akajambulidwe pa Yordani, ameneyo sanakondweretse Mulungu. Koma ngati ana anu a ku ntchito afuna kukutumizani, kapena parishi isonkha kuti itume mmodzi m'dzina la onse, landirani ndi manja awiri.

Chachiwiri, safunsa anadya phula. Musapereke ndalama kwa munthu aliyense wonena kuti akonza ulendo. Yambani mwafunsa Bambo Mfumu, mudziwe wansembe amene adzatsogolera, mulandire chipepala cha ndalama zanu, ndipo mufunsenso ngati kumeneko kuli bata nyengo imeneyo.

Chachitatu, konzani mtima. Werengani Mthenga Wabwino umodzi wonse musananyamuke, mulape, mukhululukire amene munayambana nao. M'gulu mudzayesedwa: wina achedwa m'sitolo galimoto irikudikira, wina adandaula kuti kulibe nsima, nkhalamba iyenda pang'onopang'ono pa makwerero. Kugwira dzanja nkhalambayo ndi pemphero loposa kukhala woyamba pa manda. Bvalani modzilemekeza, lemekezani malo opempherera a Ayuda ndi Asilamu, ndipo musalowe mikangano ya eni dziko. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pogula zikumbutso, gulani kwa amisiri a kumeneko, kuti ndalama yanu idyetse banja. Ndipo pobwera musadzitukumule ngati mwakwera udindo; mudzi udzaona ulendo wanu pa makhalidwe anu.

Kwa inu otsala

Eklezia, monga mai, anaganizira kale ana ake osatha kuyenda. A chipani cha Francis Woyera, amene Papa Clement VI anawapatsa udindo wosunga malo oyera mu 1342, ndiwo anafalitsa mwambo woika zithunzi za Njira ya Mtanda m'matchalitchi, ndipo mu 1731 Papa Clement XII anakhazikitsa kuti malo ake akhale 14. Kotero pamene muyenda Njira ya Mtanda Lachisanu la Lenti m'tchalitchi chanu, muli pa ulendo womwewo wa ku Yerusalemu. Chopereka cha Lachisanu Loyera, m'matchalitchi a Katolika a dziko lonse, chipita kukasamala malo oyera, masukulu, ndi amphawi a kumeneko. Kambiri kapena kochepa, perekani mukudziwa kumene kapita. Ndipo koposa zonse, Iye amene anabadwira ku Betelehemu, nauka m'manda aja, ali pa guwa la parishi yanu pa Misa iriyonse. Ku Yerusalemu tinaona pamene anagona. Mu Ukaristia timlandira Iye mwini.

Tsono atate ndi amai, madzulo ano mukatha kudya, sonkhanitsani ana, muwauze maina a midzi iyi, ndi kuti iripo ndithu. Ndipo pa korona wanu muonjeze pemphero limodzi lopempha mtendere wa Yerusalemu, wa Ayuda, Asilamu ndi akristu onse okhala m'dzikomo. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za maulendo a Paulo Woyera.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ine wanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa Katekisimu